Mbewe ya Mitengo: Mbiri ya Mudzi wa Lundu, Anthu Ace ndi Njira Zace

Munthu wocokera ku Blantyre pa mseu wa ku Nsanje amatsika mtsetse wautali wokhotakhota kufikira pa Thabwa, naoloka mtsinje wa Shire pa ulalo wa Kamuzu, pafupi ndi boma la Chikwawa. Kuyambira pamenepo dziko liri lathyathyathya ndi lotentha, la milambe, migwalangwa ndi ng'ombe zambiri. Akayandikira ku Nchalo amaona minda ya nzimbe yosaoneka malekezero ace. Ndipo ca kumadzulo, kufupi ndi nkhalango ya Lengwe, kuli mudzi wa Mbewe, umene makolo anaucha Mbewe ya Mitengo. Kumeneko ndiko kwao kwa Lundu, mfumu yaikulu ya Amang'anja.

Mlendo wosadziwa mbiri angaupitirire mudziwo osafunsa dzina lace, pakuti nyumba zace ndi nkhokwe zace sizisiyana ndi za midzi yoyandikana nao. Koma zaka 400 zapitazo dzina la mwini wace linali kuopedwa kuyambira pa Zambezi kufikira ku nyanja ya mcere, ndipo Apwitikizi analilemba m'makalata ao kuti Rundo. Mbiri ya mudzi uwu, ndi ya dziko louzinga, ionetsa cinthu cimodzi poyera: anthu a m'cigwa ca Shire akhala akuculuka, kucepa ndi kusamuka potsata njira yaikulu ya malonda. Njirayo yakhala ya mitundu inai. Poyamba inali ya mabwato ndi ya pansi. Inasanduka ya sitima za pamadzi. Pambuyo pace inakhala ya njanji. Ndipo masiku ano ndi ya mseu wa galimoto. Nthawi iri yonse pamene inasuntha, midzi ina inadzala anthu ndipo ina inatsala mabwinja.

Masiku a Ufumu

Amang'anja ndi nthambi ya Amaravi, ndipo mafumu ao akale anali a pfuko la Phiri. Akuluakulu amasimba kuti woyamba kulamulira cigawo cino anali Kaphwiti, ndi kuti Lundu, mbale wace, anapatukana naye natsikira kumwera, kukamanga ku Mbewe. M'kupita kwa nthawi wamng'onoyo anamposa mkulu wace pa mphamvu ndi pa cuma, ndipo cifukwa cace cioneka pa kaimidwe ka dziko lomwelo.

Coyamba, cigwa ca Shire cinali ndi minda ya mitundu iwiri. Kumtunda kunali mphala, kumene anali kulima mapira ndi mcewere nthawi ya dzinja. M'mbali mwa mtsinje ndi m'madambo a Dabanyi ndi Dinde munali madimba, m'mene anali kubzala cimanga, maungu ndi nyemba madzi akaphwa. Cotero mvula ikakana, anthu anali nako kothawira. Caciwiri, dzikolo linali ndi zinthu zimene a maiko ena anali kuzifuna: mcere wocezedwa m'dothi, makasu osulidwa ndi amisiri a citsulo, minyanga ya njobvu, ndi nsaru za thonje zoomba pamanja zochedwa macila. Cacitatu, ndipo ici ndico cacikulu, ndi mtsinje womwe. Kucokera pa mathithi a Kapichira kutsikira ku Zambezi, bwato liyenda popanda coletsa. Koma kumtunda kwa Kapichira kuli mathithi otsatana, ndipo katundu ayenera kukwera pamutu. Dziko la Lundu linali pamene njira ya pamadzi ikomana ndi njira za pansi, ndipo wokhala pa malo otere ndiye amalandira mitulo kwa okwera ndi kwa otsika omwe.

Apwitikizi atakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, mkangano wa malonda a minyanga unakula. M'caka ca 1592 ankhondo ochedwa Azimba anapha akapitao a Cipwitikizi a ku Sena ndi ku Tete pamodzi ndi anthu ao ambiri, ndipo nkhondo imene inatumizidwa caka cotsatira kukalipsira inabwerera osathyola linga lao. Wansembe João dos Santos, amene anali m'maiko a Zambezi m'zaka zomwezo, ndiye analemba nkhaniyi. Ndipo ophunzira mbiri ambiri amati Azimba amenewa anali ankhondo a Lundu. Pa nthawi imeneyo mphamvu yace inafalikira kum'mawa, m'dziko la Alolo ndi Amakua. Koma m'caka ca 1622 mfumu ina ya Amaravi, Muzura, inathandizana ndi Apwitikizi nimgonjetsa. Ngakhale zinatero, wansembe wina, Manuel Barreto, polemba m'caka ca 1667, anamchulabe Rundo kuti ndiye waciwiri mu ufumu wonse wa Amaravi.

Panali njira inanso yosakhala ya malonda, ndiyo yopita ku Khulubvi, kufupi ndi Nsanje, kumene kuli kacisi wa Mbona. Kacisiyo akafuna kumangidwanso, kapena mvula ikacedwa, mithenga inali kuyenda mudzi ndi mudzi, mfumu iri yonse ndi gawo lace, ndipo mau a Lundu ndiwo anali kuyembekezedwa. Njira iyi inali yopapatiza, yodutsa m'chire, koma inakhalitsa kuposa zinzace zonse.

Sitima Yoyamba ndi Njala Yaikulu

M'mwezi wa January 1859 sitima ya Ma Robert inakwera Shire, itanyamula Dr. David Livingstone. Iye anapeza cigwa codzala anthu, midzi yotsatana m'mbali mwa mtsinje, minda ya thonje pali ponse, ndi amuna akupota ndi kuomba nsaru. M'dambo la Dabanyi anawerenga njobvu 800, ndipo ndico cifukwa cace Azungu amalicha Elephant Marsh. Pa mudzi wa Tengani khamu la anthu a mauta linamuimika, pakuti mtsinje unali ndi eni ace, ndipo mlendo sanali kungodutsa osapempha njira. Koma ufumu wa ku Mbewe unali utafooka kale. Tengani kumwera ndi Mankhokwe kumpoto anali kudzilamulira okha, kotero kuti alendowo anauzidwa kuti Mankhokwe ndiye Rundo.

Livingstone anayesa kuti wapeza khomo lolowera m'kati mwa Africa, ndipo m'caka ca 1861 sitima ina, ya Pioneer, inatula Bishopu Mackenzie ndi anzace pa mudzi wa Chibisa, kufupi ndi pamene pali boma la Chikwawa lero. Kucokera pamenepo anakwera ku Magomero. Koma khomo lotseguka sililowa mlendo mmodzi yekha. Ogula akapolo anali kulowa m'cigwa kucokera ku Tete. Paul Mariano, amene anthu anamucha Matekenya, anali kuononga midzi ya kumwera ndi acikunda ace. Ndipo nkhondo za kumapiri, pakati pa Ayao ndi Amang'anja, zinatsitsira m'cigwa anthu othawa osawerengeka. Pamwamba pa izi zonse mvula ya 1862 inakana. Kale cilala cotere cikadapirika cifukwa ca madimba. Koma tsopano anthu anaopa kupita kumadimba, ndipo amene anabzala sanakolole.

Pamene Livingstone anakweranso mtsinje kuciyambi kwa 1863, anapeza midzi iri zii, mitembo ikuyandama pamadzi, ina nikodwa m'mikombero ya sitima usiku. Amishoni nao sanapulumuke. Mackenzie anafa pa 31 January 1862 pa mathiriro a Ruo. Anzace anatsikira kwa Chibisa, kumene Scudamore ndi Dr. Dickinson anafera m'caka ca 1863, ndipo otsalawo anacoka m'dziko. Pa zaka zinai zokha cigwa cimene cinadabwitsa alendo ndi unyinji wa anthu ace cinasanduka ca mabwinja.

Amene anatola otsala anali alendo owerengeka okha, Amakololo, amene eni dziko amawachula Magololo. Iwo anadza ndi Livingstone kucokera kwa Sekeletu, kumtunda kwa Zambezi, natsala kwa Chibisa ndi mfuti zao. Anagwira madimba ndi madooko, nalandira anjala ndi othawa nkhondo, nawasandutsa anthu ao. Amasimba kuti Lundu wa masiku amenewo, Tsagonja, anaphedwa ndi iwo. Maina ao akali pa dziko kufikira lero, pakuti Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima ndi maina a mafumu a m'boma la Chikwawa. Cofunika kucizindikira ndi ici, kuti onsewa anamanga m'mbali mwa Shire. Anthu anatsata cakudya ndi citetezo kumtsinje, ndipo Mbewe, pokhala patali ndi dooko, anatsala m'chire.

Madooko ndi Amtengatenga

Zaka 40 zotsatira zinali za sitima za pamadzi. M'caka ca 1875 amishoni a Livingstonia anafika ndi sitima ya Ilala, naimasula zidutswa pansi pa mathithi. Ndipo Amakololo anasonkhanitsa anthu mazana ambiri amene anaisenza pamutu kufikira kumtunda kwa mathithiwo. Mishoni ya Blantyre inayamba m'caka ca 1876, ndipo m'caka ca 1878 inabadwa kampani ya malonda imene inadzachuka ndi dzina la African Lakes, kapena Mandala, yoyendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir. Dooko lace lalikulu linali kwa Katunga. Pamenepo katundu yense wa kumapiri ndi wa kunyanja anali kutsitsidwa, nagawidwa m'mitolo ya mapaundi 50 kapena kuposapo, ndipo amtengatenga anali kukwera nayo mtunda wa mamailosi pafupifupi 30 kufikira ku Blantyre. Azungu anali kunyamulidwa m'macila. Anthu a m'mbali mwa mtsinje anapeza malonda atsopano, a nkhuni za sitima, ufa, nkhuku ndi nsomba.

Mphamvu ya eni madooko inaoneka m'caka ca 1884, pamene Mzungu wamalonda, George Fenwick, anaombera mfumu Chipatula pa mkangano wa malonda. Anthu a Chipatula anamupha iyenso, namiza sitima ya kampani ya Lady Nyassa, ndipo Azungu a kumapiri anakhala otsekeredwa kufikira mlandu unakambidwa. Inaonekanso m'caka ca 1889, pamene Serpa Pinto anakwera ndi asilikali a Cipwitikizi namenyana ndi anthu a Mlauli kufupi ndi Ruo. Caka comweco John Buchanan analengeza kuti dziko la Amakololo liri m'citetezo ca Angerezi. M'mwezi wa January 1890 boma la ku London linakakamiza Apwitikizi kubwerera. Ndipo pangano la 1891 linalola sitima za mitundu yonse kuyenda pa Zambezi ndi pa Shire, nilipatsa Angerezi malo a dooko ku Chinde, pa mathiriro amene Daniel Rankin anawazindikiritsa m'caka ca 1889. Motero malire a dziko la Nyasaland kumwera anabadwa pa mkangano wa njira.

Boma latsopano linapeza Amakololo ali pa madooko, ndipo linapangana ndi iwo. Linamanga maboma ace pa mtsinje, ku Port Herald, ku Chiromo ndi ku Chikwawa, nilikonza mseu wokwera ku Blantyre ndi ku Zomba, umene unachedwa ndi dzina la Captain Sclater amene anauyang'anira. Lundu, amene makolo ace anagwedeza Sena ndi Tete, anayesedwa nyakwawa wamba kwa zaka zambiri.

Njanji Ilambalala Chikwawa

Mtsinje umene unakweza Katunga ndi Chikwawa ndiwo unawagwetsanso. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 madzi a m'nyanja ya Nyasa anayamba kutsika caka ndi caka, ndipo Shire anaphwa kotero kuti sitima zinali kutsakamira pa mcenga. Poyamba zinalephera kufika kwa Katunga m'cilimwe. Pambuyo pace ndi ku Chiromo komwe kunabvuta. Alimi a Cizungu a kumapiri anadandaula kuti mbeu zao zikuonongekera pa dooko, ndipo anthu amene akadalima m'minda yao akutha ndi umtengatenga. Cotero m'caka ca 1903 inayambika nchito ya njanji ya Shire Highlands Railway, ndipo m'caka ca 1908 sitima ya pamtunda inafika ku Blantyre, mtunda wa mamailosi 113 kucokera ku Port Herald.

Njanjiyo sinatsate njira yakale. Inaoloka Shire pa Chiromo, nikwera motsata Ruo kudzera ku Sankhulani ndi ku Luchenza kufikira ku Limbe. Cigawo conse ca kumpoto kwa cigwa, ndico dziko la Lundu ndi la Amakololo, cinasiyidwa pambali, ndipo dooko la Katunga linafa. Koma ndi madooko a kumwera omwe sanakondwere nthawi yaitali, pakuti madzi anapitirira kuphwa. M'caka ca 1915 njanji inatalikitsidwa mamailosi 61 kufikira ku Chindio, pa gombe la Zambezi. M'caka ca 1922 njanji ya ku Beira inafika tsidya lina la mtsinjewo, caka comwe namondwe anaononga Chinde ndi sitima zace zambiri. Ndipo m'caka ca 1935 unatsegulidwa ulalo waukulu wa Dona Ana, wotalika kuposa mamailosi 2. Kuyambira pamenepo katundu anali kungopyola m'cigwa osatsitsidwa.

M'zaka zomwezi cigwa cinadzalanso anthu, koma ambiri a iwo anali atsopano. Asena anali kuoloka malire kucokera ku Zambezi, kuthawa msonkho ndi nchito yokakamiza ya m'dziko la Apwitikizi, makamaka itatha nkhondo ya Makombe ya ku Barue m'caka ca 1917. Mafumu a Cimang'anja anawalandira, pakuti malo analipo ambiri ndipo ulemu wa mfumu ndi anthu. Anaculuka kotero kuti m'boma la Port Herald cinenero cao cinaposa ca eni dziko. Cimene cinawasunga ndi thonje. Kuphwa kwa mtsinje, kumene kunapha sitima, kunabvundukula nthaka yaconde m'madambo. Bungwe la British Cotton Growing Association linali kugula thonjelo, njanji nilinyamula. Ndipo m'zaka za m'ma 1920 cigwa ca Shire cinali patsogolo pa zigawo zonse pa thonje lolimidwa ndi eni dziko. Munthu anali kupeza ndalama ya msonkho pakhomo pace, osapita ku thangata.

Koma akulu anati madzi saiwala khwawa. Nyanja inadzalanso, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 Shire anabwerera mwamphamvu namiza madambo a Dinde ndi Dabanyi, pamodzi ndi madimba ndi minda ya thonje. Mabanja ambiri a kumwera anasamukira kumpoto, ku nthaka ya makande ya kwa Ngabu ndi kwina m'boma la Chikwawa. Anyamata ambiri anapita ku Beira ndi ku Salisbury, ena nasanduka machona. M'caka ca 1948 madzi anagumula ulalo wa njanji pa Chiromo, ndipo katundu anali kuolotsedwa pamadzi kufikira ulalo watsopano unatha.

Nzimbe ndi Mseu

Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, njira inabwerera ku dziko la Lundu. M'caka ca 1965 kampani ya Lonrho inayamba munda wa nzimbe ku Nchalo, pansi pa dzina la Sucoma, ndipo shuga woyamba anaturuka caka cotsatira. M'caka ca 1997 mundawo unapita m'manja mwa Illovo. Pa Chikwawa, pamene kale galimoto zinali kuoloka pa pantoni, panamangidwa ulalo, ndipo mseu wotsika ku Blantyre unathiridwa phula. Anchito anadza kucokera ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku maboma ena, ndipo Nchalo anakula nakhala tauni ya misika, masitolo ndi cipatala. M'caka ca 1969 Boma linabwezera Lundu ulemu wa mfumu yaikulu ya Amang'anja, patapita zaka pafupifupi 100 cigwere ufumuwo. Cimodzi mwa zinthu zimene zinasunga dzinalo nthawi yonseyi ndi njira ija ya ku Khulubvi, pakuti a kacisi wa Mbona sanaleke kuchula Lundu ngakhale pamene a Boma anamuiwala.

Koma walira mvula walira matope. Minda ya nzimbe inakhala pa malo amene anali minda ndi mabusa a midzi, ndipo anthu anasunthidwa. Nkhalango ya Lengwe, imene inapatulidwa kukhala yosungira nyama m'caka ca 1928, inakwezedwa kukhala paki m'caka ca 1970. Motero midzi ya Lundu inapanikizika pakati pa nzimbe kum'mawa ndi nyama kumadzulo, pa nthawi yomwe anthu ace anali kuculuka.

Pamene mseu unali kukula, njanji inali kufa. Njanji ya ku Nacala, yotsegulidwa m'caka ca 1970, inalanda gawo la katundu. Ndipo nkhondo ya pa ciweniweni ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980. Nkhondo yomweyo inabweretsa anthu othawa, amene anadzera njira zakale za Asena, nakhala ena m'midzi ya abale ao, ena m'misasa monga wa Nyamithuthu ku Nsanje ndi wa Kunyinda ku Chikwawa. Kalembera wa Boma aonetsa bwino kuyenda kwa anthu kumeneku. M'boma la Chikwawa munali anthu oposa 194,000 m'caka ca 1977, koma m'caka ca 1987 anapitirira 316,000. Ku Nsanje anawerengedwa oposa 204,000 m'caka ca 1987. Koma pangano la mtendere litacitika ku Rome m'caka ca 1992 ndipo alendo atabwerera kwao, kalembera wa 1998 anapeza osakwana 195,000. Si kawirikawiri kuti boma licepe anthu pamene dziko lonse likuculuka. Pofika caka ca 2018 Chikwawa anali ndi anthu 564,684 ndipo Nsanje 299,168.

Madzi ndi Njira za Masiku Ano

M'caka ca 1997 cigumula cinadula mtumbira wonyamula njanji ndi mseu pakati pa Bangula ndi Chiromo, ndipo anthu analicha phompholo Mtayamoyo, cifukwa ca amene anamira pooloka pa mabwato. Malo amene zaka 100 zapitazo anali khomo la dziko lonse anasanduka kumathero. M'mwezi wa October 1910 panalibe munthu akadakhulupirira zotere. Koma m'mwezi wa October 2010, pamene Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula dooko latsopano ku Nsanje pofuna kuutsa njira ya Livingstone, sitima yoyembekezedwa sinafike, popeza boma la Mozambique linakana kuti idutse kafukufuku wa mtsinje asanacitike.

Tsono mseu umodzi, wa M1, ndiwo unatsala wonyamula shuga, thonje, ng'ombe, odwala ndi ana a sukulu a tsidya la kumadzulo. Mseuwo udutsa mitsinje yotsika kumapiri a kumalire, monga Mwanza ndi Nkombedzi wa Fodya, imene yakwiririka ndi mcenga cifukwa ca kutha kwa mitengo kumtunda, ndipo mvula ikagwa yambiri madzi ace amasiya khwawa nalowa m'midzi. Zigumula za January 2015, za March 2019, za January 2022 ndi za March 2023 zinagwetsa nyumba ndi kusamutsa anthu zikwi zambiri m'maboma awiriwa. Ca 2022 cinadula mseu m'malo angapo ndi kuononga damu la magetsi la pa Kapichira, pa mathithi omwe aja pamene sitima ya Ma Robert inalekezera. Masiku otere cigwa cimabwerera ku bwato ndi ku katundu wa pamutu, monga m'masiku a Tengani.

Pamenepa pali mfundo yoyenera kuilingalira. Anthu amafunsa kawirikawiri cifukwa cace a m'cigwa sasamuka m'malo a madzi. Mbiri iyankha kuti kumtsinje ndiko kwakhala cakudya ca cilala kuyambira kale, ndi kuti malo a kumtunda amene makolo anali kuthawirako madzi akadzala, ambiri a iwo tsopano ali ndi eni ena. Anthu oposa 860,000 akhala m'cigwa cimene m'caka ca 1863 cinali ca mabwinja, ndipo malo sanakule.

Cimene Mbiriyi Iphunzitsa

Njira zazikulu zonse zimene zinadutsa m'dziko la Lundu kuyambira 1859 zinakonzedwa cifukwa ca katundu wa kwina kapena wopita kwina. Sitima ya pamadzi inadza kufuna nyanja ndi mapiri. Njanji inamangidwa cifukwa ca minda ya Azungu ya kumtunda. Mseu wa phula unatsata shuga. Mwini mudzi anapindula pamene njira inamyandikira, pogulitsa nkhuni, thonje kapena mphamvu zace. Ndipo anatsala m'mabvuto pamene inamlambalala, popanda womfunsa. M'masiku a ufumu wa ku Mbewe mokha ndimo eni cigwa anali eni njira, olandira mitulo ndi oloza mlendo podzera.

Njira zimene sizinamsiye munthu wa ku Mbewe ndi zazing'ono: kanjira ka kudimba, bwato la pa dooko, ngolo ya ng'ombe, ndi njinga ya kabaza imene imamtula pa mseu waukulu. Izi sizilembedwa pa mapu, koma ndizo zimafikitsa mai wapakati ku cipatala ca ku Nchalo ndi thumba la thonje ku msika. Wofuna kudziwa ngati mudzi wa m'cigwa uli pafupi kapena patali asawerenge mamailosi a pa mseu wa phula okha. Afunse ngati kanjira kocokera pa mudziwo kapitika m'mwezi wa February, mitsinje itadzala.